Aise, kasiteji ka mubala usakachitire manyazi

Aise,

Uthenga wako uja ndauwerenga kawiri ndipo ndaseka ndekha ngati wamisala, makamaka pomwe ukuti unapita ku Berlin kukaphunzira zisudzo zapamwamba koma pano Lachisanu lililonse ukumapezeka mukabala kakang'ono ukuyendetsa timasewero ta mphindi 10, anthu akumwa mowa kwinaku akukuwa. Akuti umachita manyazi kundiuza. Manyazi a chani iwe? Bertolt Brecht, wolemba masewero wa ku Germany amene aphunzitsi akowo amamutchula ngati mneneri uja naye anadutsa momwemo mwa utsi wa fodya ndi phokoso la matambula.

Mkuluyu anabadwira ku Augsburg mu 1898, ali mnyamata ku Munich samaphonya kukaonera katswiri wa nthabwala Karl Valentin mpaka anafika pokwera naye limodzi pasiteji. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 anaimbako mu cabaret ina (bala ya nyimbo ndi timasewero) konko ku Berlin, gitala m'manja, nyimbo ya msilikali wakufa amene akuluakulu anamufukula m'manda nkumuuza kuti thupi lili bwinobwino abwerere kunkhondo. Tangoganiza, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha mu 1918, zilonda zisanapole. Anthu anakwiya, koma panalibe amene anasinza.

Nkhani yomwe imandisangalatsa kwambiri ndi ya 1924 akukonza sewero la Edward II ku Munich. Panali gawo la nkhondo lomwe limamusowetsa mtendere, asilikali amangooneka ngati anyamata ovala yunifomu basi, ndiye anafunsa Valentin kuti kodi msilikali ali kunkhondo amakhala bwanji. Wanthabwala uja anangoti amakhala ndi mantha, nkhope ili mbuu. Brecht anawapaka asilikali onse zoyera kumaso, gawo lija linatheka pomwepo. Wawona? Nzeru imeneyo sinachokere m'buku, inachokera kwa munthu wozolowera kuseketsa anthu okhuta mowa, munthu wodziwa kuti ukachedwa pang'ono maso onse apita kwa woperekera zakumwa.

Ukukumbuka sewero lathu lija la maola atatu? Bambo aja a mzere wakutsogolo anagona mpaka mkonono, ine ndili kuseri kwa katani ndikuwerenga mizere yanga yomwe ndimaiona ngati golide, iwe ukundikodola kuti tamvera. Muholo anthu amakuchitira ulemu, amagona mwakachetechete nkudzaomba m'manja pamapeto, iwe nkumati zayenda. Mubala mulibe ulemu umenewo ndipo nchifukwa chake ndikuti uli pasukulu yabwino kuposa yomwe ukulipira fiziyo.

Kenako 1928, pa 31 Ogasiti, sewero lake loimba la The Threepenny Opera linatsegulidwa muholo ya Theater am Schiffbauerdamm ku Berlin, nyimbo zake anapeka ndi Kurt Weill. Mbava, opemphetsa, apolisi akatangale, zonse zikuimbidwa mwa mtundu wa mu cabaret, ndipo ochita sewerowo ambiri sanali oimba opera. Nyimbo ya Mack the Knife ija anaiwonjezera kutatsala masiku ochepa kuti atsegule, lero ndi imene dziko lonse limadziwa, mpaka woimba wa ku America Louis Armstrong anadzaijambula mu 1955. Koma apa ndinene chilungamo, mkuluyu sanali woyera. Amene anamasulira sewero lakale la John Gay la 1728 lomwe anamangirapo zonsezi anali mayi Elisabeth Hauptmann, ntchito yambiri inali yawo koma dzina ndi ndalama zambiri zinapita kwa Brecht. Chimenecho usatengere, atsikana awiri ukuti amakuthandiza kulembawo mayina awo aziwoneka papositala.

Za kuthawa kwake ukuzidziwa, anachoka ku Germany mu 1933 kuthawa boma la Hitler, tsiku lotsatira nyumba ya malamulo itapsa, Denmark, Sweden, Finland, mpaka California mu 1941, kenako mu 1947 komiti ya aphungu aku America inamufunsa za chikomyunizimu, mawa lake anakwera ndege kubwerera ku Ulaya. Zaka 15 akuyendayenda, masewero akuluakulu ambiri akulembera mudirowa.

Koma Mother Courage ndi imene imandigwira mtima. Anailemba mu 1939, mayi wokoka ngolo ya malonda kutsatira asilikali pa nkhondo ya ku Ulaya ya m'ma 1600 yomwe inatenga zaka 30, ana ake atatu onse nkufa iye ali kalikiliki ndi bizinesi. Itaonetsedwa ku Zurich mu 1941 anthu anamumvera chisoni mayiyo, Brecht sizinamusangalatse, anasintha mizere ina kuti oonera asamangolira koma azifunsa kuti nanga mayiwa bwanji sakuphunzira. Mu 1949 ku Berlin amene anasewera ngati mayiyo anali mkazi wa Brecht, Helene Weigel, ndipo pomwe mfuti zikulira kupha mwana wake, mayiyo anakhala pansi, mutu kumbuyo, kukamwa yasaa ngati akukuwa koma osatuluka liwu ndi limodzi lomwe. Posakhalitsa akumubweretsera mtembo, akupukusa mutu kuti sakumudziwa. Ine ndinangoona chithunzi chake chokha koma tsitsi linanyanyuka.

Gulu lawo la Berliner Ensemble anayambitsa chaka chomwecho, mu 1954 linalowa muholo yomwe ija ya Schiffbauerdamm, iye nkumwalira mu 1956 ali ndi zaka 58 zokha. Holoyo ilipobe mpaka lero ndipo panja pake pali chiboliboli chake atakhala pansi. Ndiye ndikukutuma, ukapeza mpata upite ukajambulitse utakhala pambali pake unditumizire, komanso kavidiyo ka Lachisanu likubwerali, usadule pomwe anthu akukukuwiza, ndi pomwe ndikufuna kuona.

Ine mnzako wakalekale