Ndinakaona eni nthaka a kuno

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amalume ndi ana onse. Ine kuno ku Asheville, ku America, ndili bwino, kungoti chisanu chayamba ndipo ntchito yosamalira okalambayi ikundipweteketsa msana. Ndalama za feteleza ndinatumiza Lachiwiri pa foni ya achemwali.

Loweruka lapitali mnzanga wa kuntchito, mayi wa mtundu wa Cherokee, ananditengera kwawo ku Qualla Boundary, m'mapiri a Great Smoky, ulendo wa ola limodzi pagalimoto. Amenewa ndi eni nthaka, amene azungu anawapeza. Zimene amandifotokozera ndinkangoti kodi akunena za kwathu? Makolo awo ankadzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi ngati mmene mumachitira inu. Ali ndi mafuko 7, ndipo mwana amatsata fuko la mayi ake. Kale mwamuna ankapita chikamwini, nyumba ndi munda zili za mkazi, wolangiza ana ali malume wawo. Muwauze amalume kuti anzawo a udindo aliko ngakhale kutsidya kwa nyanja.

Koma mbiri yawo inandisowetsa tulo. M'dziko lawo ku Georgia munapezeka golide, ndiye mu 1830 pulezidenti Andrew Jackson anasainira lamulo lowasamutsa. Mu 1835 anthu ochepa chabe a mtunduwu anasaina pangano ku New Echota lopereka dziko lonse, mfumu yawo yaikulu John Ross isanavomere, anthu ambiri akukana. Boma linagwira pepala lomwelo. Mu 1838 asilikali anawatulutsa m'nyumba, anthu pafupifupi 16,000, n'kuwayendetsa mpaka kumene lero kuli Oklahoma, ambiri wapansi, m'nyengo yozizira. Akuti pafupifupi 4,000 anafa ndi matenda, njala ndi chisanu. Makolo a mnzangayu anatsala m'mapiri, ndipo malo amene akukhalawo anachita kugulidwanso kudzera mwa mzungu wina amene anamulandira ngati mwana wawo, William Holland Thomas. Kugula nthaka ya agogo ako, amayi!

Chinandisangalatsa n'chakuti zikwangwani za m'misewu zalembedwanso m'zilembo zawo 85, zimene anapanga bambo wina dzina lake Sequoyah mu 1821, iye asanaphunzirepo kuwerenga. Olankhula bwino chinenerochi atsala ochepa, ambiri ndi nkhalamba, moti anatsegula sukulu yoti ana aziphunzira m'chinenero chawo.

Anandiuzanso za mitundu ina ya eni nthaka, monga a Catawba a ku Rock Hill, ku South Carolina, amene mpaka lero amaumba mbiya ndi manja, kuzikulunga ndi mwala n'kuziwotcha pamoto ngati mmene ankachitira agogo. Ambiri a mtundu wina, wa Tuscarora, anathawira ku New York atagonja pa nkhondo yolimbana ndi azungu imene inayamba mu 1711.

Tsono za dimba la agogo lija. Ndamva kuti wogula uja wabweranso ndi mapepala. Chonde amalume asasaine kalikonse, ngakhale atawauza kuti ndi kubwereka chabe, mpaka mbumba yonse itakhala pansi pamaso pa anyakwawa, inenso ndili pa foni. Ngati vuto ndi fizi ya ana, ndiwonjezera mwezi wamawa.

Wina akamabwera kuno munditumizire ufa woyera ndi usipa wouma pang'ono. Moni kwa onse pakhomopo.

Ndatha ine mwana wanu.