Masiku a apilo amatha abale akadasonkha ndalama ya loya

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi Amalawi anzanga kuno ku Johannesburg, komanso makolo kumudzi amene ana awo ali m'ndende za dziko lino, pa nkhani ya apilo yopempha kuti chilango chichepe.

Gawo 309B la lamulo la South Africa loyendetsera milandu yaupandu, la mu 1977, limapereka masiku 14 okha kuchokera pamene chilango chaperekedwa kuti womangidwa apemphe chilolezo chochita apilo, ndipo pempholo limapita kubwalo lomwelo limene linamugamula. Majisitireti akakana, pamakhala masiku 21 odandaula ku High Court.

Tsono taonani mmene ife timachitira. Mnyamata akagamulidwa, uthenga umayamba wazungulira pa WhatsApp, kenaka Lamulungu mapemphero akatha ku Rosettenville mbale imayenda, uyu R50, uyo R100, wina n'kulonjeza kuti aponya mwezi ukatha abwana akamulipira. Kwinaku amalume ku Mangochi akusaka wogula mbuzi. Chikondi chimenechi sindikuchinyoza, koma pamene ndalama ya loya ikukwana, miyezi iwiri imakhala itadutsa. Chikhalirecho bungwe la Legal Aid South Africa limapereka loya waulere kwa wosauka, ndipo gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa apilo kwa aliyense woimbidwa mlandu, osati nzika zokha.

Wochedwa sanatsekeredwe khomo, koma ntchito yake imakula. Ayenera kulemba chikalata cholumbirira chopempha bwalo kuti limukhululukire kuchedwako, zomwe maloya amati condonation, ndipo bwalo limafuna kumva chimene chinamulepheretsa pa nthawi yonse imene yapitayo, osati mawu apatalipatali akuti zinthu zinavuta. Limaonanso ngati apiloyo ili ndi mwayi wopambana, ndipo apa mpamene ambiri amagwa, chifukwa bwalo la apilo silichepetsa chilango kaamba ka chisoni chabe. Limafuna kuona kuti woweruza woyamba analakwitsa penapake, kapena kuti chilangocho chinapyola muyeso moonekeratu. Kuba moopseza ndi mfuti kapena mpeni, mwachitsanzo, lamulo lina, la mu 1997, linakuikira zaka zosachepera 15 ngakhale kwa wopalamula koyamba, pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zochepetsera. Abale adziwenso kuti bwalo la apilo lili ndi mphamvu yowonjezera chilango, choncho malangizo a loya ndi ofunika munthu asanasaine pepala lililonse.

Majisitireti amayenera kufotokozera wopanda loya za ufulu wake wa apilo, koma munthu amene wangomva kumene kuti akaseweza zaka 15, m'Chingerezi chimene amachimva mwapatalipatali, sangasunge chiwerengero cha masiku m'mutu. Lamulo limamulola kupempha womasulira, ndipo asachite manyazi kutero.

Ndikupempha abusa, mashehe ndi atsogoleri a magulu athu othandizana pa maliro kuti azilengeza zimenezi pamisonkhano. Amene akupita kukazonda m'bale kundende ya Sun City kapena ku Leeuwkop ayambe wafunsa tsiku limene chilango chinaperekedwa, nambala ya mlandu ndi dzina la bwalo, n'kupita nazo ku ofesi ya Legal Aid sabata yomweyo, msonkhemsonkhe uzibwera pambuyo.

Wowerenga wanu,
Turffontein, Johannesburg