Kalata ya Abusa: Za Thumba Lophunzitsira Amisiri Omanga

Okondedwa mwa Ambuye, amayi, abambo ndi achinyamata nonse,

Mtendere ukhale nanu. Akulu a mpingo agwirizana kuti tikhazikitse thumba lothandiza ana athu kuphunzira zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, za mapaipi ndi za magetsi. Ndati ndikufotokozereni kayendedwe ka ndalamazi musanayambe kuponya m'mbale.

Boma lili kale ndi gawo lake. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayendera msonkho umene olemba anthu ntchito amapereka, K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo. Pali makoleji monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima, ndipo kuyambira 2015 kunabweranso makoleji a m'madera. Komabe malo ndi ochepa, ndipo ngakhale mwana amene wasankhidwa amatha kulekera panjira. Kawirikawiri chomugwetsa si fizi ayi, koma zimene zimatsalira kholo: thiransipoti, chakudya, ovolosi, nsapato zolimba, ndalama ya mayeso ndi zida. Apa ndi pamene thumba lathu lilowepo.

Za zida ndilankhulepo kwambiri, pakuti ndi pomwe ambiri amaphonya. Womanga amafunika mpeni womangira, levulo, sikweya, tepi yoyezera, chingwe ndi nyundo. Kalipentala amafunika sowo, pulena ndi matchizulo. Mwana akamaliza alibe zimenezi, amakakhala wokandira simenti pansi pa mmisiri wina zaka ndi zaka, satifiketi ili m'sutukesi. Choncho zida tidzagula ndife, tidzazilemba m'buku, ndipo zidzakhala zake pokhapokha akakhoza mayeso. Wothawa sukulu adzabweza.

Fizi idzapita molunjika ku akaunti ya sukulu, risiti n'kubwera kwa msungichuma. Sitidzapatsa kholo kapena wophunzira ndalama m'manja. Sikuti tikukukayikirani, koma ndalama ikafika pakhomo mu Januwale feteleza akusowa, tonse tikudziwa kumene imalowera. Sukuluyo ikhalenso yovomerezeka ndi TEVETA, chifukwa pepala la pamalo osalembetsedwa makontirakitala salilabadira.

Ena afunsa kuti bwanji osangotuma mwana kwa mmisiri wa m'mudzi. Kumeneko manja amazolowera ndithu, koma zolakwa amatengeranso komweko. Thumba la simenti la makilogalamu 50 amalitambasula ndi mchenga wochuluka kuti ntchito itchipe, pulasitala n'kumayoyoka ukangokanda ndi chala. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7. Ikauma msanga imang'aluka. Pepala lakuda lotchinga chinyezi akalidumpha pamwamba pa maziko, khoma limamwa madzi a pansi n'kuyamba kufumbutuka. Denga losamangiriridwa bwino kukhoma ndi lija limasasuka ndi mphepo yoyamba. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa zambiri m'chigawo cha kummwera. Onjezani kuti bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linaletsa njerwa zootcha pa ntchito zikuluzikulu, ndiye wosadziwa kuumba ndi kumangira mabuloko a simenti ntchito zoterozo zimupita.

Pa Luka 14 Ambuye akunena za munthu woyamba nsanja asanawerengere mtengo wake. Ifenso sititenga ana khumi n'kuwasiya pakati. Tiyamba ndi ochepa amene tingawafikitse kumapeto, ndipo atsikana alembetse mosaopa. Levulo sifunsa kuti waigwira ndani.

Inu makontirakitala ndi amisiri a mumpingo muno, chopereka chanu chachikulu ndi malo. Tengani wophunzira mmodzi pa nthawi yoyeserera ntchito, mumupatse khoma amange, osati wilibala yokha tsiku lonse.

Chopereka cha thumbali chidzakhala Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse. Chimanga, mtedza ndi zida zogwiritsidwa kale ntchito tidzalandiranso. Msungichuma adzawerenga malipoti pamaso pa mpingo miyezi itatu iliyonse. Ofuna thandizo alembetse kwa mkulu wa dera lawo, atatenga chiphaso ndi kalata yoitanidwa kusukulu.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wa mpingo