Ndipite ku Kanengo kapena ndikhale pa mbatata yanga ku Bembeke?

Azakhali,

Kalatayi ndikulemba pa foni usiku aliyense atagona, chifukwa nkhaniyi ndikangoiyamba masana pakhomo pano imathera kukangana. Ndine bambo wa zaka 36, ndili pabanja tili ndi ana atatu, timakhala ku Bembeke kuno ku Dedza. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu cha ku Nsipe, kuno ndinabwera kudzakwatira, nde mwamva kale kuti ndine mkamwini. Mawu amenewo asungeni kaye abweranso kutsogoloku.

Ndimagwira ntchito pa sitolo ina pa boma yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera. Ntchito yanga ndi kulemba katundu wolowa ndi wotuluka, kuwerenga matumba, kusunga makiyi, basi. Ndathapo zaka 7. Salale yanga pa pepala ndi K350,000 koma akadula msonkho wa PAYE ndi 5 peresenti ya penshoni ija, imene imandipeza ine ndi K280,000 ndi timakobidi tapamwamba. Sindinama ndi yochepa, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja zinthu zonse zinathawa koma salale inangosuntha pang'ono ngati nkhono. Komabe sitinagonepo ndi njala. Nyumba tinamanga tokha ya njerwa zootcha ndi malata, lendi sitilipira, ufa sitigula, chaka chino tinakolola matumba 22 a chimanga, nyemba zilipo, ndiwo zamasamba timangothyola kudimba, ndipo mbatata ya kachewere timalima kawiri, ya mvula ndi ya kudimba nthawi yozizira. Mavenda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amatibera ndithu ndi matumba awo osokerera pamwamba aja koma chaka chatha mbatata yokha inatipatsa ndalama yoposa K1 miliyoni titachotsa ya feteleza ndi mankhwala opopera a Dithane. Ndi imeneyo tinagulira njinga yamoto imene ndimapitira ku ntchito.

Vuto linayambira pa gulupu ya WhatsApp ya anzanga amene tinaphunzira limodzi ku sekondale. Tsiku lina wina anayambitsa zoti aliyense anene zimene amalandira, eti kuti tidziwe ngati mabwana akutidyera masuku pamutu. Poyamba zinali zoseka koma kenako anthu anayamba kuponya ma payslip enieni atabisa dzina lokha. Wina K900,000, wina wa ku bungwe lina la ma projekiti K1.4 miliyoni osawerengera ma alawansi a ku ma wekishopu a ku Salima, wina ali ku Joni anangolemba ma randi ake ndi kaemoji koseka. Ine ndinangokhala chete ngati ndilibe bandulo. Koma wina anandikola dzina kuti nanga iwe mlimi wa ku Bembeke bwanji, kapena amakulipira mbatata? Anthu anaseka, inenso ndinaponya kaemoji koseka koma Azakhali usiku umenewo tulo sindinatione. Anthu amenewa ena ndimawaphunzitsa masamu ndine tili Folomu 4.

Nde mwa ukali womwewo ndinayamba kuponya makalata ofunsira ntchito paliponse. Mwezi watha kampani ina ya ku Kanengo ku Lilongwe inandiitana ku intavyu, ntchito yake yomweyi ya ku stoo koma nyumba yosungira katundu yake ndi yaikulu moti sitolo yathu ingalowemo kakhumi. Sabata yatha andiimbira kuti ndapambana. Salale K750,000. Nditamva nambala imeneyo ndinaima pakati pa msewu pa boma ndi foni kukhutu mpaka wa kabaza anandikuwa. Chinthu choyamba chimene ndinaganiza, ndikuuzeni zoona, sichinali ana anga kapena mayi akunyumba ayi, ndinaganiza za pa gulupu paja kuti tsopano ndiponya yanga anthu aone.

Koma ine ntchito yanga ndi kuwerengera, nde ndinatenga kope lakale la mwana ndi kukhala pansi. K750,000 ija ndi ya pa pepala. Mayi wina wa ku ofesi yawo anandiwerengera kuti akadula msonkho ndi penshoni ndizitenga pafupifupi K550,000. Chabwino, ikadali pafupifupi kawiri ya panopa. Loweruka ndinakwera minibasi kupita kukaona nyumba ku Area 25 poti ndi kufupi ndi Kanengo. Ejenti anandidya K10,000 yongondionetsa, ndipo nyumba imene inali yooneka kuti munthu wa ana atatu angakhalemo, zipinda ziwiri ndi pabalaza, mpanda umodzi mabanja anayi, bafa ndi chimbudzi panja zogawana, alandilodi anati K200,000 pa mwezi komanso ndipereke ya miyezi itatu pakamodzi ndisanalowe. Ndinayang'ana pabwalo pake, simenti yokhayokha, malo oti ungadzale ngakhale phando limodzi la mpiru palibe. Potuluka ndinaima pa kamsika ndi kufunsa mtengo wa mbatata, kamulu ka mbatata zisanu ndi imodzi zazing'ono zimene kwathu timapatsa nkhumba kapena kusiyira ana aotche, mayi wogulitsa ananena mtengo ine ndinaseka ndekha mpaka anandiyang'ana ngati wamisala. Mwina inali ya m'dimba mwathu momwe.

Ndiye ndinalemba mu kope muja. Lendi K200,000. Makala, poti kuno nkhuni timatola ndi zitsononkho timasonkhezera. Madzi ogula, mayunitsi a magetsi, minibasi m'mawa ndi madzulo, chakudya chamasana ku ntchito poti panopa ndimanyamula mbatata yophika ndi tiyi mu fulasiki. Ndiwo tsiku ndi tsiku kuyambira tomato mpaka anyezi. Ufa mwina chaka choyamba tizitenga wa kumudzi koma tikachoka tonse adzalima ndani? Sukulu ya ana, poti aliyense amene ndamufunsa akuti kumeneko makalasi a sukulu za boma ndi odzaza kwambiri ndipo ukafuna mwana aphunzire umalowa m'thumba kumpititsa ku pulaiveti. Nditafika pansi pa tsamba inatsala ndalama yosakwana K60,000, ndipo apo sindinaike matenda, maliro, chopereka ku tchalitchi, kapena abale a ku Nsipe amene akangomva kuti ndili ku Lilongwe aziyesa ndakhala nduna. Panopa pa K280,000 yanga yonyozekayo ndimakwanitsa kuponya K50,000 ku banki mkhonde mwezi ndi mwezi kudzera mwa mayi akunyumba, osawerengera za mbatata. Ndinabwereza masamuwo katatu kuganiza kuti ndalakwitsa penapake.

Ndipo china chimene chinandizunguza mutu, mnzanga uja wa K900,000, yemwe uja anayambitsa kuseka za mbatata, pa 18 mwezi womwe uno ananditumizira meseji kumbali kuti aise ndiponyere 50 pa Airtel Money ndikubwezera pa 27, gasi watha komanso mwana amuthamangitsa fizi. Ndinamutumizira. Sindinamunene pa gulupu ngakhale mtima unafuna. Akuti kumeneko anthu ambiri salale imangodutsa mu akaunti kupita kwa a katapila ndi ngongole za ku banki, pofika pakati pa mwezi aliyense ali m'madzi.

Mwina muziti nanga ukufunsanso chiyani poti masamu akuyankha kale. Apa nde pali nkhani yeniyeni. Pali njira yachiwiri yoti ndipite ndekha, ndikapeze kachipinda kamodzi kotchipa, banja litsale kuno lizilima, ine ndizibwera kumapeto kwa mwezi kapena pakatha masabata awiri poti kuchoka Lilongwe kufika Dedza ndi makilomita 85 chabe pa M1. Ndikawerengera choncho pamatsala ndalama yooneka, mwina K200,000 pa mwezi ndikadzimana. Ndipo ndalama imeneyo ndikuifuna pa chifukwa chimodzi, ndikufuna puloti yanga yanga.

Paja ndinati ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndi thukuta langa koma ili pa malo a kuchikazi. Munda ndi wa apongozi, dimba ndi la apongozi. Apongozi anga aakazi ndi munthu wabwino sindingawanamizire, amanditcha bambo a pakhomo ndipo sanandinenepo choipa. Koma chaka chatha pa nkhani ya malire a dimba, ine nditangoyankhulapo pang'ono, amalume awo a mayi akunyumba amene ndi eni mbumba anandidula pakamwa pa anthu nkunena kuti achimwene inu khalani kaye chete, za nthaka ya pano tikambirana eni ake, inu munabwera ndi chikwama. Anthu anaseka ngati nthabwala. Ine ndinaseka nawo koma mawu aja mpaka lero ali pakhosi. Ndinaonapo ndi maso anga bambo wina wa m'mudzi momwe muno, mkazi wake atamwalira, patangotha miyezi ingapo ananyamuka ndi bulangete ndi wailesi kubwerera kwawo atakhala pamudzi zaka zoposa 20, nyumba ya malata kuisiya. Sindikufunira mkazi wanga zoipa Mulungu andikhululukire, ndipo ndikudziwa kuti zonse ndi za ana anga omwe, koma munthu umafuna kakhonde kamodzi padziko pano koti ukakhalapo wina asakuuze kuti unabwera ndi chikwama. Pa salale ya panopa puloti pa boma ndingaigule mwina ndili ndi imvi.

Mayi akunyumba nditawauza za ntchitoyi anangoti zikomo, kenako anapitiriza kusankha nyemba. Usiku nde anayankhula. Akuti iwo kutauni sapita, sangasiye dimba ndi amayi awo okalamba kukakhala mu mpanda wa eni kumadikira bambo abwere ndi kajumbo ka bonya. Akuti ngati ndikufuna ndipite ndekha koma ndidziwe kuti mabanja a mapoto awiri iwo awaona mathero ake, bambo amayamba kubwera sabata iliyonse, kenako pamwezi, kenako pa Khrisimasi, kenako umangomva kuti ku Area 25 kuli wina akuchapa malaya. Ndinakwiya kuti bwanji mukundiganizira zotere zaka 13 tili limodzi, iwo anati sindikuganizira inu ndikungonena zimene ndaona. Za puloti sindinawauze bwinobwino, ndimaopa angamve ngati ndikukonzekera kuthawa kapena ndikunyoza kwawo. Apongozi aamuna nawo anangoponya mwambi uja woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, nkunyamuka kupita kukamanga mbuzi.

Komanso ntchito yatsopanoyi si yokhazikika ngati ya panopa. Ndi kontirakiti ya chaka chimodzi, miyezi itatu yoyamba ndi yoyeserera, akuti amaonjezera ukagwira bwino koma pa pepala sanalembe choncho. Kuli mashifiti a usiku magalimoto akuluakulu akamabwera, Loweruka kugwira mpaka masana, nde zobwera kumudzi pafupipafupi zija mwina ndikungodzinamiza. Pamene ndili panopa abwana ndi ovuta pa ndalama, kukweza salale mpaka uchite kugwada, koma mwana akadwala ndimangowaimbira amati pita, nthawi yokumba mbatata amandipatsa masiku awiri atatu osadula kanthu. Hafu 5 ndimakhala ndafika pakhomo. Kamnyamata kanga komaliza ka zaka 4 kamadziwa kulira kwa njinga yanga ikadali kutali, kamathamangira ku msewu opanda nsapato ngakhale mu Juni chifunga chitatseka phiri kuzizira kochita kuwawa m'makutu, kuti ndikakweze pa thanki mamita ochepa otsalawo. Mwana wamkulu wamkazi ali Sitandade 8 alemba mayeso chaka chino ndipo masamu timapanga limodzi madzulo aliwonse pa tebulo. Izi mu kope muja sindinadziwe kuti ndizilembe mbali iti komanso ndiziike ndalama zingati.

Mbali inanso ndimaganiza kuti zaka 36 si zochepa, mwayi ngati uwu subwera kawiri kwa munthu wa satifiketi ya MSCE ndi kadipuloma kamodzi. Penshoni nayonso, poti olemba ntchito amaikapo 10 peresenti ya salale, pa K750,000 ndiye kuti ikukula kawiri kuposa panopa. Ndipo ulimi womwe ndikuudalirawu si wodalirika, chaka china chiwawu chinapsereza mbatata yonse sabata imodzi tinangotsala manja m'khosi, feteleza naye mtengo wake mukuudziwa. Mwina nditapirira zaka ziwiri zitatu kutauniko ndingabwere ndi puloti komanso mpamba wotsegula sitolo yangayanga pa Bembeke pompano. Kapena ndingabwere chimanjamanja ntchito yakale atalemba wina, anthu nkumandiloza kuti uyo anathamangira salale. Pena ndimadzifunsa ngati ndikufunadi puloti kapena ndikungofuna kuponya payslip pa gulupu paja, ndipo yankho limasintha malinga ndi amene ndayankhula naye tsiku limenelo.

Ndinayesa kuwauza abwana anga mozungulira kuti kwina akundifuna, anangoti tidzaona mu Janyuwale. Kodi ndiwaonetse kalata ya ku Kanengo kuti mwina angakweze ngakhale kufika K450,000, kapena ndikatero ndadziotcha ndekha akayamba kundiona ngati munthu wapaulendo? Nanga mayi akunyumba ndiwauze bwanji nkhani ya puloti ndi mawu a amalume aja osaoneka ngati ndikunyoza mtundu wawo? Ndipo inuyo Azakhali mukanakhala mlongo wanga mukanati ndipite kapena ndikhale? A ku Kanengo akufuna yankho pofika Lachisanu sabata ya mawa, ndipo mbewu ya mbatata ya kudimba yatuluka kale maso ikudikira kudzalidwa.

Ine wothedwa nzeru,
Bambo wa ana atatu, Bembeke, Dedza