Achinyamata asasiye ntchito chifukwa cha zilembo zinayi za pa foni

Akonzi,

Ndife aphunzitsi ndi alangizi amene timathandiza achinyamata a m'chigwa cha Shire posankha ntchito. Pali mawu amene afala kuyambira ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje: "Ntchito imeneyi sikugwirizana ndi chibadwa changa." Ambiri akuwatola pa timafunso ta pa intaneti timene amatumizirana pa WhatsApp, timene pamapeto timapatsa munthu zilembo zinayi monga INFP kapena ESTJ. Chikutidetsa nkhawa n'chakuti ena akufika polemba kalata yosiya ntchito chifukwa cha zilembozi, kuno kumene ntchito ya pamwezi imasowa kwambiri.

Zilembozi zimachokera ku muyeso wa Myers-Briggs, umene umagawa anthu m'magulu 16. Vuto lake n'lakuti umadula pakati ngati mpeni. Munthu amene amakonda kucheza komanso amafuna nthawi yokhala yekha amakankhidwira mbali imodzi, ndipo akayankhanso pakatha masabata angapo, nthawi zambiri amatuluka ndi zilembo zina. Anthu ochuluka ali pakatikati pomwepo. Ngakhale eni ake a muyesowu amachenjeza kuti usagwiritsidwe ntchito posankha anthu oti alembedwe ntchito.

Chimene chimathandiza kwenikweni ndi njira ya John Holland, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, imene anayamba kuifalitsa mu 1959. Iye anatsindika pa funso lakuti "umakonda kuchita chiyani", ndipo anapeza magulu asanu ndi limodzi. Pali okonda zamanja ndi makina: woyendetsa thirakitala m'munda wa nzimbe, makaniko wa mapampu a mthirira, mlonda wa nyama ku Lengwe kapena ku Majete. Pali okonda kufufuza, monga woyeza magazi a malungo kapena woyeza shuga mu nzimbe. Pali okonda kupanga zatsopano, telala wodzipangira masitayelo kapena wolemba masewero a pa wailesi. Pali okonda kuthandiza anthu, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaumoyo. Pali okonda kutsogolera ndi kukopa, ngati wogula ng'ombe pa msika wa Ngabu kapena wapampando wa kopaletivi. Omaliza ndi okonda dongosolo ndi manambala: kalaliki wa pa sikelo, wosunga katundu, wolandira ndalama.

Palibe munthu wa gulu limodzi lokha. Aliyense amasankha atatu amene amamukoka kwambiri, kenako n'kuyerekeza ndi zimene ntchito yake imafuna tsiku ndi tsiku. Apa m'pamene pali phindu, chifukwa Holland anaonetsa kuti magulu ena amatsutsana: zamanja ndi zothandiza anthu, zofufuza ndi zokopa, zopanga zatsopano ndi zadongosolo. N'chifukwa chake makaniko waluso akakwezedwa kukhala kapitawo amayamba kudana ndi ntchito imene ankaikonda. Sipanala yachoka m'manja, tsiku lonse likuthera pa kuweruza mikangano ndi kudzaza mafomu. Mabwana amati wayamba ulesi, pomwe anamupatsa ntchito ina ngakhale geti lolowera ndi lomwelo. Momwemonso mtsikana wokonda kufufuza amene anapita ku unamwino chifukwa ndi kumene kunapezeka malo, amatopa ndi wodi koma amatsitsimuka akalowa mu labotale.

Komabe tinene mosabisa: kusagwirizana ndi chibadwa si ndiko kumavutitsa anthu ambiri. Pali zina ziwiri zimene zimafanana nako. Choyamba ndi kuperewera luso. Ntchito iliyonse imawawa pa miyezi yoyamba pamene munthu akulakwitsa pamaso pa anzake. Chachiwiri ndi mmene zinthu zilili pa ntchitopo: malipiro ochedwa, bwana wolalata, mashifiti a usiku, nyumba yakutali, ndi kutentha kwathu kuno kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Mphunzitsi wa ana oposa 100 m'kalasi la malata masana a Novembala sangadziwe ngati amadana ndi uphunzitsi kapena ndi kalasilo. Ndipo amene nyumba yake inapita ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 angathe kunyansidwa ndi chilichonse kwa nthawi yaitali. Ameneyo akufunika uphungu, osati ntchito ina.

Njira yosiyanitsira ndi yotsika mtengo. Gulani kope. Kwa masiku 14 ogwira ntchito, madzulo aliwonse lembani zinthu zisanu zimene mwachita, osati dzina la ntchito koma zochitika zenizeni: kulemba lipoti, kukonza pampu, kulankhula ndi alimi, kuwerengera ndalama. Pa chilichonse ikani nambala kuyambira 1, kutanthauza kuti chakuyamwani mphamvu, mpaka 5, kutanthauza kuti nthawi inatha osadziwa. Pambali lembani maola amene chinatenga, amene munali naye, ndi ngati munagona bwino usiku wake. Musachite zimenezi pa sabata ya mayeso, kumapeto kwa mwezi kwa owerengera ndalama, kapena pachimake pa nyengo yodula nzimbe, chifukwa nthawi zotere aliyense amatopa.

Powerenga kopelo yang'anani chimene chikubwerezeka. Ngati manambala otsika akutsata munthu mmodzi kapena shifiti imodzi, vuto ndi malowo. Ngati akutsata chinthu chimene simunachiphunzire bwino ndipo akukwera pang'onopang'ono, vuto ndi luso, ndipo mankhwala ake ndi kuphunzira. Koma ngati chinthu mumachitha bwino, bwana ndi wabwino, mwagona mokwanira, koma chikupatsanibe 1 kapena 2, ndipo chimadya theka la tsiku lanu kapena kuposa, pamenepo nkhani ya chibadwa ndi yoona. Cholakwika chimene ambiri amachita n'kulemba tsiku loipa lokha n'kudumpha masiku abwino, kapena kudzaza masiku onse pa Lamlungu kuchokera m'mutu.

Ngakhale zitatero, kalata yosiya ntchito isakhale yoyamba. Pitani kwa bwana ndi pempho lomveka, monga kusinthana gawo la ntchito ndi mnzanu kwa mwezi umodzi. Wokonda manambala atenge malipoti, wokonda anthu atenge misonkhano ya m'midzi. Ntchito imene mukuisirira kaioneni kaye masiku awiri kapena atatu kwa amene akuigwira, ndipo mufunse chimene chimamutopetsa. Dziwaninso lamulo la ntchito la 2000: wolandira pamwezi amayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, wosiya yekha kawirikawiri salandira ndalama zimene amapatsidwa ochotsedwa ntchito, ndipo kumalo atsopano angathe kumuika pa nthawi yoyesedwa yofika miyezi 12.

Pempho lathu likupita kwa akulu a sukulu za sekondale m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje: magulu asanu ndi limodzi amenewa aphunzitsidwe ana asanasankhe maphunziro olowera Fomu 3, osati atalemba kale MSCE. Maola awiri ndi bolodi n'zokwanira. Itanani makaniko, namwino, kalaliki ndi wogulitsa ng'ombe wa m'dera lomwelo adzafotokoze tsiku lawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira idzafuna oyendetsa madzi, osunga mabuku a makopaletivi ndi ofufuza misika, ndipo ana amene ali mu Fomu 2 lero ndi amene adzafunsire ntchito zimenezo.

Alangizi a za ntchito,
Nchalo, Chikwawa