Chilengezo: Loweruka lino tiphunzira Galaxy

Okondedwa mamembala nonse,

Loweruka lino, 9 koloko m'mawa, tikumane pamalo athu a masiku onse pa Dedza boma. Tidzaphunzira Galaxy, pulogalamu yaulere yosanthulira DNA kudzera pa intaneti.

Mu Galaxy mumalumikiza masitepe onse, kuyambira kuyeretsa mafayilo a FASTQ (osunga zomwe makina owerenga DNA atulutsa) mpaka kufananiza majini (tizigawo ta DNA), n'kukhala workflow imodzi, kutanthauza mndandanda wa masitepe oyenda okha motsatizana. Ntchito yolemerayo amagawana ndi makompyuta ambiri akutali, inu n'kumangodikira zotsatira. Magetsi akazima kuno, uko ikupitirirabe. Chimenechi ndiye chinandikoka mtima ine, chifukwa laputopu yanga inandizimirapo pakati pausiku ndikusanthula majini a tizilombo ta malungo, zonse n'kuyambiranso.

Odziwa Python, tidzalawako Snakemake, pulogalamu ina yopangira ma workflow polemba malamulo a kompyuta. Mubwere ndi laputopu ndi bandulo, osaiwala juzi, mphepo yakuphiri yayamba.