Lipoti la msonkhano wa chithandizo cha matenda a maganizo kumidzi

A Wapampando ndi mamembala nonse a komiti yathu ya zaumoyo, zikomo pondituma. Ndabwerako bwino.

Mfundo yaikulu inali yakuti kumudzi katswiri wa matenda a maganizo sapezeka, choncho ntchitoyi imagwera dokotala yemwe uja amene amatiyeza shuga ndi kuona ana athu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linazindikira izi kalekale: mu 2008 linakhazikitsa pulogalamu yofalitsa chithandizo cha matenda a maganizo yotchedwa mhGAP, ndipo mu 2010 linatulutsa buku lothandiza achipatala omwe si akatswiri kusamalira odwala matenda okhumudwa, khunyu, misala ndi uchidakwa.

Chomwe chandikhudza kwambiri n'chakuti munthu wovutika maganizo kawirikawiri safika n'kunena kuti wakhumudwa. Amadandaula mutu, kusowa tulo, mtima kuthamanga, thupi kuphwanya. Dokotala akaona mzere panja amangomupatsa mankhwala opha ululu, mwezi wamawa munthu uja wabweranso ndi mutu womwewo. Otiphunzitsa anationetsa mafunso 9 ofufuzira matenda okhumudwa, otchedwa PHQ-9, omwe satenga nthawi. Lomaliza limafunsa ngati munthuyo amaganiza zodzivulaza kapena zoti bola atafa. Ine ndinadodoma, poganiza kuti funso lotere lingamupatse munthu maganizo omwe analibe. Otiphunzitsa anatsindika kuti kufunsa sikuonjezera ngozi, ndipo ambiri amapepukidwa mtima wina akawafunsa.

Za mankhwala a matenda okhumudwa, monga fluoxetine ndi amitriptyline, anati sayamba kuthandiza tsiku lomwelo. Pamapita masabata angapo, ndipo munthu ayenera kumwabe kwa miyezi ngakhale atayamba kupeza bwino. Ambiri amasiyira panjira chifukwa palibe anawauza zimenezi, kapena mankhwalawo atha kuchipatala.

Panatchulidwanso pulogalamu ya Friendship Bench ya ku Zimbabwe, komwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi n'kumamvetsera ovutika.

Kumudzi tonse timadziwana, n'chifukwa chake munthu amamasuka kupita kwa dokotala wa masiku onse: palibe angadziwe chomwe wapitira. Koma chinsinsi chikangotuluka kamodzi, sabweranso, ndipo anzake akamva nawonso amakhala kunyumba. Apa ife a komiti tisamale pakamwa.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wotsatira tiitane dokotala wathu, tikambirane zopatula tsiku limodzi pa mwezi loti odwala otere azionedwa mosathamanga, komanso tisankhe anthu awiri oyendera omwe asiya kubwera.